Mitumbira ya Ana Amoyo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene anthu a bungwe lina lothandiza maphunziro anafika pasukulu pathu, kunsi kwa nkhalango ya Chongoni. Chakacho sindichiiwala, chifukwa ndi chimene ndinakhala pa benchi koyamba, ndiponso ndi chomwecho chimene ndinakwapulidwa mpaka benchi lomwelo kundikanika kukhalapo.

Ndinene poyamba kuti anthu aja anatichitira zabwino, ndipo wondiuza kuti mabungwe onse ndi akuba ndimakangana naye mpaka lero. Asanabwere, tinkaphunzirira m'chisakasa cha udzu, titakhala pamiyala, chisanu cha ku Dedza chikulowera m'kabudula n'kukatulukira m'mano. Iwo anabweretsa malata, mabenchi, makope ndi choko. Anabweretsanso mayi wina wamfupi wa magalasi, woyenda pa njinga yamoto, amene tonse tinkangomutchula kuti a Madamu. Anali wobadwira m'tauni, ndipo Chichewa chake chinali chothamanga ngati cha pa wailesi.

A Madamu anayambitsa kalabu ya atsogoleri. Ankatiimiritsa mmodzimmodzi kutsogolo n'kumati, "Mtsogoleri salankhula akuyang'ana zala zakuphazi. Dzutsa mutu, nena zimene ukuona." Kwathu tinkaphunzitsidwa zosiyana ndi zimenezo, ndiye ambiri ankangoseka n'kubisa nkhope. Ine zinandikomera, poti mtima wapachala ndinabadwa nawo. Koma amene anasankhidwa kukhala wapampando anali achemwali anga, amene anali mu Sitandade 7. Mutu wawo unali wakuthwa kuposa wa mwana wina aliyense pasukulupo, ndipo a bungwe anali atalonjeza kuti akadzakhoza mayeso adzawapititsa ku sekondale. M'banja mwathu munalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonako chitseko cha sekondale. Bambo anali atamwalira, ndipo amayi, a Nabanda, ankatilera ndi khasu lokha.

Mvula itakhazikika, a Madamu anabwera ndi mbande za paini m'machubu akuda. Anati mwana aliyense wa m'kalabu akhale ndi mtengo wakewake, aziusamalira, chifukwa munthu wolephera kulera mtengo sangatsogolere anthu. Malo anapezeka pamtunda pa sukulu, m'mbali mwa njira yopita kunkhalango. Maenje anakumba atsibweni anga a Zakeyu ndi anzawo, ngati ganyu. Anthu amenewa ndiwo anali adzukulu a m'mudzi mwathu, okumba manda pakagwa maliro, ndipo anakumba monga manja awo anazolowera: mizere yowongoka, mipata yofanana. Popeza malowo anali otsetsereka, a Madamu anatiuza kuti tiunjike dothi motalika pa mbande iliyonse n'kuzunguliza miyala kuti madzi asakokolole. Pomaliza anatulutsa timatabwa topaka laimu. Pa kathabwa kalikonse panali dzina la mwana, lolembedwa ndi penti wakuda, ndipo mmunsi mwake tsiku lodzala mtengowo. Tinazika timatabwato kumutu kwa mulu uliwonse, tikusangalala kwabasi. Ine dzina langa ndinali ndisanalionepo litalembedwa pena paliponse kupatula pachikuto cha kope.

M'mawa mwake ndinatsagana ndi amayi amene ankapita ku nkhuni. Kunali chifunga chija cha kwathu, chimene chimatsika m'phiri n'kumeza nyumba, mbuzi ndi anthu omwe. Titafika pamtunda paja, chifunga chinang'ambika pang'ono, ndipo amayi anaima chilili. Chingwe chomangira nkhuni chinawapulumuka m'manja.

"Lufeyo, izi n'chiyani?"

"Ndi munda wathu wa kalabu. Wanga ndi uwo, wa achemwali ndi uwo kutsogoloko."

Ndinali nditatambasula mkono. Amayi anandimenya padzanja mwamphamvu mpaka chala chinachita dzanzi.

"Usaloze!"

Kwathu malo amodzi okha ndi amene saloza ndi chala. Nditayang'ananso, ndinaona zimene amayi ankaona. Mitumbira ya dothi lofiira, yatsopano, yondandalikana bwino. Miyala m'mbali. Timatabwa toyera kumutu, dzina pamwamba, tsiku mmunsi. Panalibe chosiyana ndi pamene tinagoneka bambo, kupatula kuti mayina onsewo anali a ana amene ndinkasewera nawo mpira dzulo lake.

Mudzi wonse unaona. Amayi opita ku nkhuni anatsegula kanjira kena kolambalala, kodutsa m'minga. Akuluakulu akamadutsa chapatali ankavula zipewa. Ndinaona ndi maso anga mkulu wina atagwada m'mbali mwa njira, akuomba m'manja pang'onopang'ono ngati wopempha njira. Atsibweni a Zakeyu anasiya kudutsa dera la kusukulu, ndipo akaledzera ankangoyang'ana zikhato zawo. Ngakhale agalu, amene sasankha pokodza, ankafika pamzere woyamba n'kubwerera. Mwina ankangotengera eni ake, kaya. Ine ndikunena zimene ndinaona.

Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anauza a Madamu. Akafika pa njinga yawo, anthu omwewo ankawalonjera ndi manja awiri, "Zikomo a Madamu, mwatithandiza, Mulungu akudalitseni." A hedi, amene anali mwana wa mudzi woyandikana nafe ndipo ankadziwa zonse, ankatitsogolera kukapalira mitengoyo nkhope ili gwaa, koma iwo eni ankaima kunja kwa mizere, manja kumbuyo.

Mvula inatha, chisanu chinalowa. Mitengo yonse inagwira, yobiriwira bwino, kupatula umodzi. Wa achemwali unayamba kufiira kunsonga. Ankauthirira m'mawa ndi madzulo, ankauikira manyowa a mbuzi, koma kufiirako kunkangotsika. Nthawi yomweyo iwo anayamba kutsokomola. Poyamba tinati ndi chimfine cha nyengo. Kenaka anayamba kutentha thupi, kupuma mobanika, kugwira m'nthiti akamatsokomola. Anasiya kupita kusukulu. Amayi ankawafunditsa mabulangete onse a m'nyumba, n'kumakhala pakhomo, maso ali kumtunda.

Ntchito yothirira mtengo wawo inagwera ine. Tsiku lina m'mawa ndinakwera ndi chidebe changa, chifunga chili ndii, moti mzere wachiwiri sunkaoneka uli pa woyamba. Nditafika pa mtumbira wa achemwali ndinapeza kapu yachitsulo itavundikiridwa pafupi ndi kathabwa. Ndinaizindikira ndisanaigwire: yoyera, ya mkombero wabuluu, yosupuka pafupi ndi chogwirira. Inali kapu imene achemwali ankamwera. Nditaitembenuza ndinaona kuti yabooledwa pansi ndi msomali, monga timachitira ndi ziwiya za munthu amene wapita, tikamaziika pamanda pake kuti wina asazigwiritsenso ntchito.

Dzulo lake madzulo kapu imeneyo ndinali nditaitsuka ndekha n'kuiika pathandala. Amene anaitenga n'kuiboola sindinamudziwe, ndipo mpaka lero sindimudziwa. Ndinaima pamenepo, tsitsi lili nyaunyau, ndikumva madontho akugwa kuchokera m'masamba a paini mbali zonse ngati anthu akuyenda monyang'ama. Mantha atatha, chimene chinatsala chinali ukali. Ndinaika kapuyo m'malaya, osauza munthu.

Sabata yomweyo kunabwera akuluakulu a bungwe kuchokera kutauni, pa galimoto yoyera, kudzaona ntchito. Tinasesa bwalo, tinaimba, makolo anabwera atavala za kutchalitchi. Kenaka gulu lonse linakwera kumunda kuja. Alendo analowa pakati pa mizere akujambula zithunzi, akuwerenga mayina mokweza n'kumamwetulira. Anthu a m'mudzi anaima m'mphepete, ataunjikana, mitu ili pansi. Aliyense woona akanadziwa kuti aima ngati pamaliro, koma alendowo ankaona ulemu.

A Madamu anati, "Wapampando wathu akudwala, koma mlongo wake ali pano. Lufeyo, bwera kuno. Auze alendo zimene munda uno wakuphunzitsa."

Ndinapita. Ndinadzutsa mutu monga anatiphunzitsira.

"Uno si munda. Ano ndi manda. Mwatikumbira manda tili amoyo, ndipo achemwali anga ayamba kale kulowa."

A hedi anaseka kaseko kouma n'kunena kuti mwanayu ndi wanthabwala, amatero nthawi zonse. Apo m'pamene ndinatulutsa kapu ija n'kuiponya pamapazi pa a Madamu. Inagunda mwala, inalira, inagubuduzika n'kuima chagada, bowo lili poyera. Mayi wina m'gulu la makolo anakuwa n'kudzitseka pakamwa. A Madamu anayang'ana kapu, anayang'ana mizere ya timatabwa, kenaka anayang'ana anthu aja amene anaima kutali. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono.

Galimoto itangochoka, a hedi anathyola nthambi ya pichesi. Anandigoneka pa benchi latsopano lomwelo.

"Galu iwe! Ukufuna atizulire malata? Ukufuna anzako abwerere pamiyala chifukwa cha pakamwa pakopo?"

Sindinalire. Ndinkangoluma mkono wa malaya, ndikuwatukwana chamumtima. Kunyumba nako sindinapeze wondipepesa. Amayi anandithira madzi amchere m'mikwingwirima n'kunena kuti, "Pakamwa pakopa padzakuphetsa. Watichititsa manyazi pamaso pa alendo." M'chipinda achemwali ankatsokomola ngati akung'amba nsalu.

Kutacha, a Madamu anafika pakhomo pathu wapansi, njinga ataisiya kumsewu. Amayi anatulutsa mpando, koma iwo anakhala pamphasa. Atsibweni a Zakeyu anaitanidwa. Ine ndinagona chafufumimba pakhonde, poti kukhala kunali kosatheka.

"Amayi, zimene ananena mwanayu n'zoona? Ndi mmene mumaonera malo aja?"

Amayi anayang'ana kumbali. "Ana salankhula bwino, a Madamu. Mutikhululukire."

"Sindinabwere kudzapepesedwa. Ndikufunsa. Kwathu kutauni manda ndi a simenti, ali kuseri kwa mpanda. Ine pamene paja ndimaona munda. Miyezi yonseyi, bwanji osandiuza?"

Amene anayankha anali atsibweni, mawu ali pansi. "Munthu wakubweretsera malata ndi makope, ungamuuze kuti walakwa? Amanyamula n'kupita nazo mudzi wina. Midzi yofuna ndi yambiri."

"Ndiye munalolera kuti mwana afe, bola malata akhale?"

A Madamu analowa m'chipinda, anakhalitsamo, ndipo potuluka anati mwanayu akufunika chipatala lero lomwe, aitanitsa galimoto. Apa amayi anadzutsa mutu koyamba.

"Akafere kutali chifukwa chiyani? Malo ake mwamukonzera kale pompano."

Mawuwo anawalasa a Madamu, ndinaona. Koma sanayambe kutiphunzitsa za majeremusi, kapena kutiuza kuti ndife otsalira. Anatembenukira kwa atsibweni n'kufunsa kuti, mwa mwambo wathu, zoterezi zimakonzedwa bwanji. Atsibweni anati mitumbira ya ana enawo ingosalazidwa, timatabwa tizulidwe titenthedwe, basi. Koma wa achemwali unali utalandira kale chiwiya, ndipo mtengo wake unali utauma. Dzenje lotero silisiyidwa lopanda kanthu, limadikira mwini wake. Pamafunika kugonekamo thunthu la nthochi m'malo mwa munthu, pamodzi ndi dzina lake.

"Chitani zanuzo," anatero a Madamu. "Ine ndichita zanga. Koma zonse zichitike lero."

Galimoto inanyamula achemwali ndi amayi kupita ku chipatala cha mishoni. Ife tinakwera kumtunda, atsibweni, adzukulu anzawo ndi ine, poti pankafunika wamagazi amodzi ndi wodwalayo. Anali masana, koma chifunga chinali chisanachoke, dzuwa likungooneka ngati mbale yoyera. Thunthu la nthochi tinalikulunga m'chitenje chakale cha achemwali. Ine ndinagwira kumiyendo. Ndikuti kumiyendo chifukwa sindikudziwa kuti ndinene bwanji: linali lolemera, lozizira, lonyowa, ndipo tikamatsetsereka linkagwedezeka m'chitenjemo ngati munthu. Atsibweni analetsa kulira, analetsa kuimba. Panamveka makasu okha. Atazula mtengo wouma uja n'kukuza dzenje, tinatsitsa thunthulo. Anaikapo kapu, anaikapo kathabwa, zolemba zitayang'ana pansi. Kenaka atsibweni anagwada, anaitana dzina la achemwali kamodzi, mokweza, ngati akuitana munthu ali kutsidya la mtsinje. Tinadikira. Anati, "Wafika. Gona." Tinakwirira, tinasamba m'manja, tinatsika osacheuka.

Kuchipatala anati chinali chibayo, ndipo tikanachedwa pang'ono tikanataya munthu. Achemwali anabwerako ataonda ngati bango, koma akuyenda okha. Chimene chinawachiritsa, jakisoni kapena nthochi, mukafunse ena. Ine ndinaona zonse ziwiri, ndipo sindikangana ndi munthu pa zimenezo.

Nkhondo yeniyeni inayamba atachira. Amayi ananenetsa kuti mwana wawo sadzapondanso pasukulu. Chifukwa chake chinali chomveka kwa aliyense wa kwathu: m'mawa uliwonse aphunzitsi amaitana mayina mokweza, ndipo sukulu ili mmunsi mwenimweni mwa malo aja.

"Mukufuna azikadzutsa chimene tinagoneka? Tsiku lina adzaitana, adzavomera awiri."

Achemwali ankalira mwakachetechete, makope ali pamiyendo. Mayeso amene akanawatsegulira sekondale anali chaka chotsatira, ndipo kunali kale mwamuna wina wa ngolo amene anayamba kutumiza moni kudzera kwa atsibweni. A Madamu anabwera, anabwereranso, amayi osasunthika. Tsiku lina, atakhala pamphasa pomwe paja, a Madamu anafunsa kuti, "Nanga kusukuluko kukabwera mwana wina? Wa nkhope yomweyi, koma dzina lina?"

Amayi anayang'ana kumtunda. Kenaka anati, "Ameneyo ndilibe naye mlandu."

A hedi anakana, amvekere mayina a mayeso sasinthidwa ngati malaya. A Madamu anakwera njinga yawo, kupita ku maofesi a maphunziro kuboma, kubwerako, kupitanso, fumbi lili m'magalasi, mpaka zinatheka. Kumeneko anakanena zotani, sindikudziwa. Ndimangokumbukira m'mawa umene achemwali anabwerera. Ndinazemba m'kalasi mwanga n'kukaima pawindo la kalasi lawo. Aphunzitsi anaitana mayina, anafika pamene pankakhala dzina lakale, n'kunena kuti, "Lusiya." Kalasi lonse linazizira. Ana ena anacheukira kumtunda. Kenaka mawu aang'ono, osasa ndi chifuwa, anati, "Ndilipo."

A Lusiya anakhoza, anapita ku sekondale, ndipo lero ndi mphunzitsi, ali ndi ana awo ndi nyumba ya malata. Ine ndinatsatira pambuyo pawo pa thandizo la bungwe lomwelo, ndinamaliza Folomu 4, ndinabwerera kumudzi kudzalima mbatatesi. Ndili mu komiti ya sukulu yomweyo. Mabungwe amabwerabe, ena a zimbudzi, ena a atsikana, ena a makompyuta, ndipo anthu a kwathu amawalandirabe ndi manja awiri ndi mitu yowerama. Ine ndi amene ndimaimirira n'kufunsa kuti chinthuchi muika pati, mwafunsa ndani, ndipo tikakana mbali imodzi mutilanda zonse kapena ayi. Ndikatero ndimatembenukira kwa amayi akhala kumbuyo n'kuwauza kuti zimene akanong'onezane pachitsime azinene pompano, alendo akumva. Amanditcha wovuta. Wapampando wa komiti anandiuzapo kuti tsiku lina ndidzathamangitsa mwayi wa mudzi wonse. Ndinamuyankha zimene sindingalembe m'nyuzipepala.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti wolakwa anali a Madamu. Pano ndikuona kuti kulakwa kwawo kunali kochepa, kwa munthu wosadziwa, ndipo atangouzidwa anakonza tsiku limodzi. Chachikulu chinali chathu. Mudzi wathunthu, anthu a imvi, unaona manda a ana ake n'kumathokoza. Sindiwanyoza, chifukwa umphawi ndaulawa, ndikudziwa mmene umamangira lilime. Koma thandizo limene wolandira sangathe kunena kuti apa ayi, limasanduka chinthu choopsa, ngakhale wopereka atakhala ndi mtima woyera chotani.

Komabe pali mawu amodzi amene ine, wolankhula zilizonse, sindinawatulutsepo. Ndi a Lusiya timakangana ngati abale onse, za munda, za ana, za maliro a amayi. Tsiku lina tinakangana koopsa, ukali unandikwera mpaka m'maso, ndipo ndinamva dzina lija likubwera pakhosi, lathunthu, lofunda, ngati linkangodikira. Iwo anaona pamilomo panga. Anandiyang'ana, nkhope itatuwa ngati ya mtsikana uja wa m'mabulangete. Ndinalimeza. Ndinatuluka panja, ndinakakhala pamwala. Ndinaphunzira sukulu, ndikudziwa bwino lomwe kuti pansi paja pali nthochi, ndipo inaola kalekale. Koma dzinalo sindiliitana, ndipo pano sindinalilembe.